Galimoto ya turbo ikafooka n'kumafuka utsi wakuda: kufufuza kumayambira ku mpweya

CHITUNGWIZA, Zimbabwe — Mwa mavuto onse amene amagwa pa injini za turbo, ndi ochepa amene amathera eni galimoto ndalama kuposa ili: galimoto imafooka pa chitunda, imamwa mafuta mopitirira muyezo, ndipo m'mbuyo imasiya utsi wakuda. Amakaniko amanena kuti injini yotere ikulandira mafuta ambiri kuposa amene ingathe kuwotcha. Mawuwa ndi oona, koma kawirikawiri amasocheretsa, pakuti amathamangitsira munthu ku pampu ndi ku mainjekita pamene mafuta ali pa muyezo wake, ndipo chimene chaperewera ndi mpweya.

Tauni ya Chitungwiza, imene inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Ambiri amagona ku Chitungwiza koma ntchito amakagwira ku Harare, kotero kuti m'mawa ndi madzulo msewu wa Seke umadzaza ndi minibasi, zimene anthu a ku Zimbabwe amazitchula kuti makombi. Zambiri ndi za mtundu wa Toyota HiAce ndi Nissan Caravan, zogulidwa zitagwirapo kale ntchito ku Japan. Injini zakale monga 5L ya Toyota zinalibe turbo, koma 1KZ-TE, 2KD-FTV, 1KD-FTV ndi ZD30DDTi ya Nissan zili nayo. Galimoto zomwezi zimapezeka ku Lusaka, ku Chipata, ku Tete, ngakhalenso m'magalaja a ku Biwi mumzinda wa Lilongwe ndi ku Ndirande mumzinda wa Blantyre.

Dalaivala wa kombi amayenera kupereka kwa mwini galimoto ndalama imene anagwirizana pa tsiku, ndipo iye ndi kondakitala amadya zotsala akachotsa za mafuta. Tiyerekeze kuti kombi imapita ku Harare ndi kubwerako kasanu ndi katatu pa tsiku, ndiye kuti makilomita 400, ndipo imamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Vutoli likawonjezera kamwedwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, malita 8 amapita pachabe tsiku lililonse, ndipo pa masiku 26 a ntchito amaposa malita 200. Chitayiko chimenechi chimagwera dalaivala kalekale mwini galimoto asanamve kuti injini ikudwala.

Njira imene mpweya umadutsa

Nzeru ya turbo inalembetsedwa mu 1905 ndi injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi. M'kati mwake muli timagudumu tiwiri tokhala ndi mapiko, tomangidwa pa shafuti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazungulitsa kagudumu kamodzi, ndipo kachiwiriko kamakoka mpweya wakunja n'kuukankhira m'masilinda mwamphamvu. Shafutiyo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, choncho umadutsa kaye mu intercooler kuti uzizire. Pofuna kuti puresha isapyole muyezo, pali valavu yotchedwa wastegate imene imapatutsa utsi wina kuti usadutse pa kagudumu. Injini zina za dizilo, monga 1KD-FTV, m'malo mwake zili ndi timapiko tosuntha m'kati mwa turbo momwemo.

Ulendo wa mpweya umayambira pa sefa, imene amakaniko ambiri amangoti fyuluta. Kuchoka apo umadutsa pa sensa yoyeza kuchuluka kwake, yotchedwa MAF, kenako mu turbo, m'paipi, mu intercooler, m'paipi ina, mpaka kukafika m'masilinda. Polumikizana paliponse pali mphira ndi chomangira chachitsulo, ndipo pa galimoto ya zaka 15 palibe mphira umene ungaganiziridwe kuti uli bwino usanayesedwe.

Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Mpweya ukachepera pamenepa, mafuta ena amatuluka osapsa bwino, ngati mwaye ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide. Komabe injini ya petulo ya turbo ikamakoka ndi mphamvu zake zonse, kompyuta imawonjezera mafuta mwadala mpaka muyezo utsike kufika pa 11 kapena 12, kuti mapistoni ndi turbo zisatenthe kwambiri. Kafungo ka petulo pa nthawi yotereyi si matenda ayi.

Dizilo ndi wosiyana. Injini yake imameza mpweya wochuluka kuposa umene ikufuna nthawi zonse, ndipo mphamvu imakwera kapena kutsika malinga ndi mafuta amene athiridwa. Utsi wakuda umayamba pamene mpweya wapamwambawo wachepa. N'chifukwa chake pa kombi ya dizilo, utsi wakuda wotsagana ndi kufooka uyenera kutengedwa ngati nkhani ya mpweya kufikira umboni utasonyeza zina.

Kukwera kwa malo

Harare ndi Chitungwiza zili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Ku Beira puresha ya mpweya wakunja imakhala pafupifupi 101 kPa, ku Lilongwe 89, ku Lusaka 87, ku Chitungwiza 85, ndipo ku Johannesburg 82. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Turbo imabweza zambiri mwa mphamvuzo, koma imatero pozungulira kwambiri, ndipo mpata wobisira zilema umachepa. Kabowo kamene sikanamveke galimoto ikutsitsidwa padoko ku Durban kamaonekera poyera ikafika kumtunda itanyamula anthu.

Manambalawa ali ndi ntchito ina yofunika. Makiyi akatembenuzidwa injini isanalizidwe, sensa yoyeza puresha, yotchedwa MAP, iyenera kusonyeza puresha ya mpweya wa pamalopo. Ku Chitungwiza, 85 kPa ndiye chilungamo. Makaniko wodalira buku lolembedwera mayiko a m'mphepete mwa nyanja akhoza kutaya sensa yabwinobwino poganiza kuti ikuwerenga motsika. Koma sensa imene ikusonyeza 100 pamalo amenewa ndiyo ikunama, ndipo ikuuza kompyuta kuti ithire mafuta a mpweya umene kulibe. Mofananamo, makina akasonyeza 185 kPa galimoto ikukoka, ndiye kuti turbo yawonjezera bar imodzi yathunthu.

Zofunsa ndi zoona sipanala isanagwidwe

Funso loyamba kwa dalaivala ndi lakuti vutoli limabwera nthawi yanji. Ngati injini imalira bwino galimoto itaima koma imafooka ndi kufuka pokhapokha akaponda moto pa chitunda, mlandu uli pa njira ya mpweya kapena pa puresha ya turbo. Ngati utsi ndi fungo zilipo ngakhale galimoto itaima, maso apite ku masensa ndi ku mainjekita. Ngati mphamvu imatha mwadzidzidzi koma n'kubwerera injini ikazimitsidwa ndi kulizidwanso, ndiye kuti kompyuta yaona chinachake choopsa ndipo yachepetsa mphamvu dala kuti iteteze injini. M'pofunikanso kufunsa chimene chinakonzedwa komaliza, pakuti chomangira choiwalika pa sevisi ya dzulo chimakhala gwero la mavuto ambiri.

Utsi wakuda ndi mafuta osapsa bwino, wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo, pamene woyera ndi madzi kapena dizilo amene sanayake n'komwe. Pa injini ya petulo mapulagi amachitira umboni: akakhala ndi mwaye wouma onse, vuto ndi la injini yonse, ikada imodzi yokha, ndi la silinda imeneyo. Oyilo akamanunkha mafuta, kapena akamakwera pa chitsulo choyezera m'malo motsika, ndiye kuti mafuta akutsikira pansi kudutsa pa maring'i.

Kutsata mpweya

Fyuluta ndiyo yoyamba. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu ya m'malokeshoni limaitseka msanga kuposa mmene buku la ku Japan limanenera. Pa dizilo, fyuluta yotsekeka imabweretsa utsi wakuda mwachindunji. Pa petulo yokhala ndi MAF imangofooketsa galimoto, chifukwa kompyuta imachepetsa mafuta molingana ndi mpweya umene yayeza. Chizolowezi choipemerera ndi kompuresa yamphamvu chimang'amba pepala lake, ndipo fumbi lolowera pamenepo limakadya mapiko a turbo ngati tupa.

Chachiwiri, chimenenso chili chachikulu pa zonse, ndi kuthawa kwa mpweya pakati pa turbo ndi injini. Sensa ya MAF imakhala kutsogolo kwa turbo, choncho imawerenga mpweya wonse wolowa, ndipo kompyuta imathira mafuta oyenerana ndi chiwerengerocho. Ngati gawo lina la mpweyawo lathawira pa paipi yong'ambika, m'masilinda mumafika mafuta athunthu koma mpweya woperewera. Zotsatira zake ndi zizindikiro zonse zitatu pa kamodzi: kufooka, kumwa mafuta ndi utsi. Palibe injekita imene yalakwa, ndipo turbo ingakhale ili bwinobwino, kungoti ikudzipha pofuna kudzaza chidebe chobooka.

Chovuta n'chakuti ming'alu yotere imabisala. Galimoto ikaima, m'mapaipimo mulibe puresha, ndipo mphira umatsekana n'kuoneka wamoyo. Umayasama pokhapokha turbo ikayamba kukankha. Chizindikiro chooneka ndi maso ndi kachinyezi ka oyilo kosakanikirana ndi fumbi pamalo olumikizira kapena pakona pa intercooler, chifukwa mpweya wothawa umatenga nthunzi ya oyilo. Chomveka ndi khutu ndi phokoso longa la tayala likuphwa, limene limakula akamaponda moto. Koma njira yotsimikizika ndi kuyesa ndi puresha. Injini itazimitsidwa, paipi yolowera ku turbo imatsekedwa ndi chivundikiro chokhala ndi valavu ya tayala, chotsekera oyilo chimachotsedwa, ndipo mpweya umapopedwa pang'onopang'ono mpaka theka la bar kapena kuposerapo pang'ono. Kenako madzi a sopo amawazidwa polumikizana paliponse. Pamene patuluke thovu ndi pamene pali nthenda. Zida zake ndi zotsika mtengo moti galaja iliyonse ya ku Makoni kapena ku Chikwanha ikhoza kudzipangira, ndipo n'zodabwitsa kuti turbo zambiri zimamasulidwa kuyesa kumeneku kusanachitike.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusiyanitsa. Bowo limene lili pakati pa MAF ndi turbo limachita zosiyana: limayamwa mpweya wosawerengedwa, ndipo mafuta amachepa m'malo mochuluka. Ndiponso injini za petulo zimene zilibe MAF, zodalira MAP yokha, zimangofooka mpweya ukamathawa, osadetsa mapulagi kwenikweni, pakuti zimayeza mpweya pamene wafika kale.

Achinyamata okonda Subaru Impreza ndi Forester za turbo amadzibweretsera vuto lomweli ndi ndalama zawo. Valavu ya kufakitale imabwezera mpweya wotsala kutsogolo kwa turbo dalaivala akasiya moto. Imene iwo amaikapo imautayira kunja kuti imveke kufwenthera posintha giya. Mpweya wotayidwawo unawerengedwa kale, choncho pa giya iliyonse injini imamizidwa m'mafuta kwa kanthawi.

Sensa ya MAF yeniyeniyo ili ndi kawaya kotentha kamene kamazizira mpweya ukamadutsa. Kakakutidwa ndi fumbi kapena oyilo, nthawi zambiri kamawerenga mochepa, ndipo galimoto imafooka popanda utsi. Kuwerenga mochuluka kumachitika kawirikawiri pamene aikapo sensa ya galimoto ina chifukwa choti pulagi yake yalowa. Masensa ogulidwa kwa ophwasula galimoto ayenera kufanana nambala yake yonse, osati maonekedwe okha. Potsuka pamafunika mankhwala otsukira zamagetsi, ndipo kawayako sikakhudzidwa ndi chala kapena nsalu.

Mpweya ukalowa uyeneranso kutuluka. Turbo imazungulira chifukwa cha kusiyana kwa puresha kutsogolo ndi kumbuyo kwake, kotero ekizozi yotsekeka imaifooketsa. Galimoto yotere imanyamuka bwino koma imabanika injini ikakwera liwiro. Pa petulo chimene chimatsekeka ndi catalytic converter, imene imasungunuka m'kati mafuta osapsa akamayakira mmenemo. Ndiye kuti imayamba ngati chotsatira cha vutoli, kenako n'kusanduka choliwonjezera. Ambiri amangoigumula, makamaka poti pali ogula ufa wake chifukwa cha platinum, palladium ndi rhodium, miyala yomwe dziko la Zimbabwe limakumba lokha m'migodi ya Zimplats, Mimosa ndi Unki. Kugumulako kumatsegula njira, koma chimene chinasungunula chipangizocho chimatsala chikugwirabe ntchito yake.

Zimene kompyuta imanena

Dongosolo la OBD-II linakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo ku Ulaya linafika pa galimoto za petulo mu 2001 ndi za dizilo mu 2004. Soketi yake ili ndi mapini 16 ndipo imakhala pansi pa chiwongolero. Galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi soketi yomweyo koma sizilankhula ndi makina wamba, choncho makina akalephera kulumikizana sizitanthauza kuti kompyuta yafa.

Khodi ya P0172 imanena kuti mafuta achuluka, P0171 kuti achepa, P0299 kuti puresha ya turbo yaperewera, P0234 kuti yapyola muyezo, P0101 kuti MAF ikupereka chiwerengero chosamveka, ndipo P0300 kuti masilinda akuphonya moto. Khodi imatchula chizindikiro, osati chipangizo choti chigulidwe. P0299 siilamula kugula turbo, monganso kutentha thupi sikulamula mankhwala a malungo magazi asanayezedwe.

Pa injini ya petulo, manambala ofunika kuposa makhodi ndi amene makina amawatchula kuti fuel trim, osonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa poyerekeza ndi muyezo wa kufakitale. Pakati pa -10 ndi +10 peresenti palibe chodetsa nkhawa. Nambala ikatsika kupyola -10, kompyuta ikuchotsa mafuta chifukwa ikuona kuti achuluka, ndipo ikafika cha m'ma -20 kapena -25 nyali ya injini imayaka. Chofunika ndi kuona pamene ikutsikira. Ikatsika kwambiri galimoto itaima n'kumakwera injini ikathamanga, pali mafuta odontha pang'onopang'ono penapake. Ikakhala bwino poima koma n'kumatsika turbo ikayamba kukankha, ndi mpweya umene ukuthawa, kapena MAF ikuwonjeza. Dalaivala akaponda moto mpaka pansi, kompyuta imasiya kumvera sensa ya okosijeni, ndipo pamenepo choonadi chimadziwika ndi sensa ya mtundu wa wideband yokha.

Palinso msampha. Nthawi zina utsi umakhala wakuda koma manambala akusonyeza kuti kompyuta ikuwonjezera mafuta. Zikatero ndiye kuti sensa ya okosijeni yanyengedwa. Ekizozi ikabooka kutsogolo kwa sensayo, mpweya wakunja umalowa ndipo sensa imanena kuti mafuta achepa. Zimachitikanso silinda ikaphonya moto, pakuti okosijeni wosapsa amatuluka wathunthu. Moto wa pulagi umavutika kudumpha pamene puresha ili yaikulu, n'chifukwa chake injini zambiri za turbo zimafuna mpata wa pulagi wa mamilimita 0.7 kapena 0.8. Pulagi yotha kapena koilo yofooka imagwira bwino galimoto itaima, n'kumakanika pa chitunda, ndipo fungo lake ndi lofanana ndendende ndi la mafuta ochuluka.

Sensa ya kutentha kwa madzi imayesedwa mosavuta. Galimoto ikagona usiku wonse, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa kuyenera kufanana, ndipo injini ikayenda madzi afike pa madigiri 80 mpaka 95. Sensa imene imanena kuti injini ndi yozizira nthawi zonse imachititsa kompyuta kuthira mafuta a m'mawa tsiku lonse. Apa mpamene chizolowezi chofala m'mayiko a kuno kummwera kwa Africa, chochotsa thermostat poopa kuti injini ingawire, chimabwezera. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene m'mawa ku Harare kumazizira kutsika madigiri 10, ndipo nthawi yonseyo imamwa mafuta owonjezera. Chimene chinkawiritsa injini, kaya ndi rediyeta yotsekeka kaya ndi fani yakufa, chimakhala chikadalipo.

Pamene mafuta alidi ochuluka

Njira ya mpweya ndi masensa zikapezeka zopanda mlandu, m'pamene mafuta amafufuzidwa. Pa injini zambiri za petulo zothira mafuta kunja kwa silinda, puresha imakhala pafupifupi bar 3, ndipo chipangizo choiwongolera chimaikweza molingana ndi puresha ya turbo kudzera m'kapaipi kakang'ono. Mphira wa m'kati mwa chipangizochi ukang'ambika, petulo amayamwidwa kudzera m'kapaipiko. Kungokazula n'kupeza madontho a petulo, mlandu watha. Injekita yodontha imadziwika pamene puresha ikugwa msanga injini itazimitsidwa, ndipo galimoto imavuta kulira ikakhala yotentha. Valavu yotulutsa nthunzi ya m'thanki ikakanirira yotseguka imachitanso chimodzimodzi.

Pa dizilo wa makono wa common rail, mainjekita amayesedwa poyerekeza mafuta amene iliyonse ikubweza m'mabotolo ofanana, ndiponso poona pa makina mmene kompyuta ikuwongolera silinda iliyonse. Puresha ya m'mapaipi ake imatha kuposa bar 1,500, yokwanira kuboola khungu, kotero njira yakale yomasula paipi injini ikulira kuti amve silinda yakufa ndi yoopsa pa injini zimenezi. Pa mapampu akale opanda kompyuta, vuto limakhala la manja a anthu: wina amapotokola sikulu ya mafuta pofuna mphamvu, ndipo kombi imapezadi kamphamvu pang'ono, pamodzi ndi utsi ndi kutentha kumene kumang'amba mapistoni.

Petulo wosakaniza ndi ethanol amaimbidwa mlandu pa pafupifupi vuto lililonse la injini ku Zimbabwe. Boma linalamula kusakaniza mu 2013, kuyambira pa 5 peresenti, ndipo m'zaka zotsatira mlingo wakhala ukusinthasintha mpaka kufika pa 20 peresenti, pogwiritsa ntchito ethanol wa ku Chisumbanje ndi ku Triangle. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza kale mu 1982 ndi ethanol wa ku Dwangwa. Madandaulo ena ndi omveka: ethanol ali ndi mphamvu zochepa pa lita, amakoka madzi, ndipo amawononga mphira wina wakale. Koma pa nkhani ya mafuta ochuluka iye alibe mlandu. Kilogalamu ya ethanol imafuna makilogalamu 9 okha a mpweya, ndipo petulo wosakaniza pa 20 peresenti amafuna pafupifupi 13.5. Zimenezi zikutanthauza kuti kusakanizako kumachepetsa mafuta poyerekeza ndi mpweya, ndipo kompyuta imayenera kuwonjezera pang'ono. Galimoto yoyendera petulo wotere imasonyeza fuel trim yokwera pang'ono ikakhala yabwino. Ikasonyeza yotsika, ndiye kuti vuto ndi lalikulu kuposa mmene nambala ikuonekera.

Mwaye wa dizilo

Injini za dizilo zili ndi valavu ya EGR, imene imabwezera utsi wina m'masilinda pofuna kuchepetsa mpweya woipa wa nitrogen. Iyenera kutseka injini ikamakoka mwamphamvu. Mwaye ukaikaniriza yotseguka, utsi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo turbo imasowa woizungulitsa. Mwaye womwewo ukasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umapanga phala lakuda limene limachepetsa njira ya mpweya pang'onopang'ono, mwinanso kutseka kabowo ka sensa ya MAP. Kombi imene imakhalitsa pa siteji injini ikulira podikira anthu, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mizere ya galimoto polowa mu Harare, ndiyo imadzaza msanga.

Galimoto zatsopanoko zili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa poutentha pa ulendo wautali. Imafuna dizilo wa sulufule wochepa ndi oyilo wosasiya phulusa lambiri. Dziko la Zimbabwe linasamukira ku dizilo wa 50 ppm mu 2018, kuchoka pa wa 500 ppm. Chofunika kukumbukira n'chakuti DPF imabisa utsi. Galimoto yokhala nayo ikhoza kukhala ndi paipi yong'ambika koma osafuka, ndipo chizindikiro chimangokhala nyali yoyaka pafupipafupi ndi oyilo wokwera.

Turbo yeniyeniyo

Imafika pomaliza chifukwa ndiyo yokwera mtengo, komanso chifukwa zambiri zimene zimaikidwa pamutu pake ndi za zipangizo zoizungulira. Wastegate yokanirira yotseguka, kapaipi kong'ambika kopita ku chipangizo choitsegula, kapena timapiko tomatidwa ndi mwaye, zonsezi zimapereka P0299 pa turbo yamoyo. Poyesa, injini itazizira, paipi yolowera imachotsedwa ndipo shafuti imagwedezedwa ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa, malinga ngati mapiko sakukhudza chikombole. Kugwedera kotsogola ndi kubwerera m'mbuyo sikuyenera kumveka. Mapiko akhale athunthu, opanda mano. Kaoyilo pang'ono m'mapaipi kamachokera ku paipi yopumira injini ndipo si umboni wa imfa ya turbo.

Ikapezeka kuti yathadi, chimene chinaipha chiyenera kudziwika yatsopano isanamangidwe: kawirikawiri ndi paipi ya oyilo yotsekeka, oyilo wokhalitsa, fumbi, kapena chizolowezi chozimitsa injini ikangofika kuchokera pa liwiro m'malo moisiya ilire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Intercooler iyenera kukhuthulidwa ndi kutsukidwa. Oyilo wotsalira mmenemo akhoza kuyamwidwa ndi injini ya dizilo n'kukhala mafuta ake, ndipo imathamanga yokha mosamvera makiyi. Pothana ndi zimenezi, dalaivala amaika giya yapamwamba, amaponda mabuleki ndi kusiya kilatchi, kapena mpweya umatsekedwa ndi thabwa, osati ndi dzanja.

Kuyendabe ndi injini yomira m'mafuta kumatsuka oyilo pa zipupa za masilinda, kumasungunula oyilo wa m'munsi, ndipo mabeyaring'i a turbo ndiwo amayamba kulira. Ku Zimbabwe utsi wa galimoto uli pansi pa malamulo a 2009 oteteza mpweya, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Environmental Management Agency, ndipo galimoto zonyamula anthu zimayenera kupimidwa ndi nthambi ya boma ya VID. Pa HiAce ndi Caravan injini ili pansi pa mipando ya kutsogolo, choncho ekizozi yobooka pamodzi ndi mphira wotha wa chivundikiro zimalowetsa utsi mwa anthu, ndipo carbon monoxide alibe fungo kapena mtundu.

Ntchito ikatha, oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe ngati munalowa mafuta, mapulagi odetsedwa asinthidwenso, ndipo makhodi ndi manambala akale a fuel trim afufutidwe kuti kompyuta iphunzire mwatsopano. Kenako galimoto iyesedwe ili ndi katundu, pa chitunda chomwe inkafookapo, makina ali olumikizidwa, kuti puresha imene kompyuta ikupempha iyerekezedwe ndi imene turbo ikupereka.